Monire, Amama

Chaka cha njala chija ine ndinanenepa. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anzanga a msinkhu wanga akakhala pansi n'kumakumbutsana za madeya, za mizu ya nthochi ndi za mizere ya chimanga, ine ndimangogwedeza mutu n'kumati, "Eya, kunali koopsa," ngati ndinavutika nawo. Sindinavutike nawo. Ndinali mtsikana wa payunivesite yatsopano ija ya ku Luwinga, ndipo ndinkadya katatu pa tsiku. Siketi imene ndinapita nayo mu Januwale, pofika Malichi zipi yake inkakana kukwera.

Amene anaonda ndi amayi anga, Anambewe. Koma kwa iwo sinali njala yokha.

Kwathu kwenikweni ndi ku Thyolo. Bambo anabwera ku Mzuzu kudzayendetsa lole ya matabwa ine ndili kumsana, ndipo anamwalira ndili Sitandade 6, n'kutisiya awiriwiri m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Chibavi. Ine ndinakulira m'Chitumbuka cha m'tinjira ta Chibavi, moti ukanandimva ndikulongolola ndi anzanga pampopi sukanadziwa kuti ndine wa kummwera. Amayi ayi. Zaka zonse zija Chitumbuka chawo chinathera pa "monire", "yewo" ndi "pachoko pachoko", ndipo ngakhale mawu amenewo ankawatchula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Pakhomo pathu Chitumbuka ndinkachivulira pakhonde pamodzi ndi nsapato zamatope. Ine ndi amayi chinali Chichewa basi. Chibadwire ndinali ndisanawayankhulepo m'chiyankhulo china.

Khansa anawapeza nayo ndili Fomu 2. Bere lakumanzere anakalichotsa ku Blantyre. Anabwerako, n'kupinda kansalu kuika pamalopo, n'kupitiriza zawo. Zawozo zinali tchalitchi ndi odwala. Anali m'gulu la amayi odzipereka a kuparishi amene ankayendera odwala m'makomo: kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa zofunda zimene abale awo enieni ankaopa kugwira, kenaka kupemphera nawo kolona. Masiku amenewo pafupifupi mzere uliwonse wa nyumba unali ndi munthu wogona, ndipo matenda ake sitinkawatchula dzina. Ine ndikadandaula kuti wodwala akuyendera bwanji odwala anzake, ankati, "Nanga amene akudziwa pamene pamawawa ndani?"

Patatha zaka zisanu khansa ija inabwerera, tsopano m'khwapa, ndipo mkono unayamba kutupa. Inasankha kubwerera chaka cha njala.

DISEMBALA

Mvula inachedwa, koma itayamba sinafunenso kumva za munthu. Munda wathu unali kuseri kwa Msongwe, kumene lero kuli nyumba za mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo. Ndikamadutsako sindithanso kuloza pamene panali chulu chathu. Chaka cham'mbuyo chimanga chinaolera m'minda, choncho makomo ambiri ufa unawathera mu Okutobala, ndipo tinadzala njala italowa kale m'nyumba. Feteleza tinali ndi kathumba kamodzi, kamene amayi ankathira ndi kachitsekerero ka botolo, phando ndi phando, ngati mchere wa m'ndiwo.

Ankalima ndi mkono umodzi, mpini wa khasu ataufupikitsa. ANyaGondwe, anansi athu, amene anali nawo m'gulu loyendera odwala lija ndipo munda wawo unagundana ndi wathu, ankaima n'kugwira m'chiuno.

"Anyina Felista, pumulani pachoko, mwe! Mukufuna tikunyamuleni pa machira kuchoka kuno?"

"Ndikapuma ine, chimangachi chipumanso," ankayankha amayi osakweza mutu.

Tsiku lina tinabisala mvula patsinde la mtengo tikudya mango aawisi ophika, chimene chinali chakudya chathu chamasana. Amayi anandifunsa zimene timadya kusukulu. Ine ndi pakamwa pangapa ndinayamba kuwerengetsa: tiyi ndi buledi m'mawa, masana nsima kapena mpunga, nyemba, kabichi, nyama kawiri pa sabata.

"Mumamaliza zonsezo?"

"Ayi, zina zimatsala."

"Nanga zotsalazo amapita nazo kuti?"

"Amabwera kudzatenga oweta nkhumba."

Anangoti, "Oho," n'kumayang'ana mvula. Ine ndinayesa akusirira. Patapita kanthawi anandigwira pabondo. "Ukapita ukadye, mwanangu. Ukandidyerekonso ine."

Ndinawamvera. Ndi lamulo lokhalo la amayi limene ndinalisunga bwino chaka chimenecho.

JANUWALE

Kuhositelo ndinkakhala chipinda chimodzi ndi Lusungu, mwana wa ku Kaning'ina. Bambo ake anali bwana mu ofesi ina m'tauni, ndipo ankamubweretsa pa galimoto ngakhale kwawo kunali mumzinda momwemu. Anali mtsikana wabwino mtima, ndipo chimenechi ndi chimene chinkandisautsa. Akanakhala wonyada ndikanapeza pomudera. Sabata yoyamba imene tinadziwana, chaka cham'mbuyo, anandifunsa ntchito ya amayi.

"Amagwira za umoyo, kumishoni," ndinatero.

"Ah, ndi anesi?"

Sindinavomere, sindinakane. Ndinangomwetulira, bodza n'kudzikhalira lokha pansi. Kuyambira pamenepo m'chipinda mwathu munkakhala amayi anga ena, a yunifolomu yoyera ndi nsapato zoyera, ndipo ine ndinkawakonda kwambiri amayi amenewo.

Kukafeteriya ife ophunzira tinkadandaula kuti nyemba n'zofumbwa, kuti tiyi ndi wamadzi. Pa odandaulawo mawu anga ankamveka patali. Loweruka ndikapita kunyumba ndinkapeza dziko lina. Mtengo wa ndowa ya chimanga unkasintha pakati pa m'mawa ndi madzulo. Kumsika wa boma anthu ankaima pamzere tsiku lathunthu, n'kupatsidwa muyeso umodzi wochepa, kaya kwanu muli awiri kaya khumi, ndipo masiku ambiri ankabwerako matumba atawapinda m'khwapa. Mavenda ankagulitsa ufa m'timapepala tapulasitiki totchedwa wokimani, ufa wosakwana nsima ya anthu awiri. Madeya amene kale tinkaponyera nkhuku anakhala ndi mtengo ndi ulemu. Zaulere zinali mphekesera zokha: ena ankati chimanga chonse chinagulitsidwa kunja, ena ankati malole afika mawa, mawa lake losafika. ANyaGondwe anagulitsa wailesi, kenaka malata a kukhitchini, kenaka anatumiza ana awo awiri kwa mlongo wawo ku Nkhata Bay, kumene kunali chinangwa.

Odwala a amayi anayamba kufa motsatizana, ndipo sikuti ndi matenda awo okha. "Ndikungosambitsa anthu anjala, Felista," anandiuza tsiku lina akupukuta beseni. "Sopo sadyedwa."

Loweruka lomwelo pampopi ndinamva amayi awiri akunong'onezana, osadziwa kuti ndaima kumbuyo kwawo. Ankati Anambewe atengera matenda kwa odwala awowo, taonani mmene aondera, aja akuti khansa aja n'kubisa chabe. Ndinabwerera ndowa yosadzaza. Ndiulule poyera: mphekesera imeneyi inandipweteka kuposa khansa yeniyeniyo. Khansa inkadya amayi, pamene mphekesera inkadya ine.

FEBULUWALE

Linali Lachitatu la Phulusa. M'mawa ndinapita ku Misa ndi anzanga a Chikatolika a pasukulupo, ndipo kamtanda ka phulusa ndinakasiya pamphumi kuti aliyense aone kuti ndine mwana wopemphera. Masana titadya, ine, Lusungu ndi anyamata awiri a m'kalasi mwathu tinadzera kanjira kachidule ka kuseri kwa khitchini. Kunali kamvula kowaza kaja ka ku Mzuzu, kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa m'mafupa.

Kutsogolo kwathu kunkabwera mayi wosenza ndowa yapulasitiki. Anali atavala chitenje cha kuparishi chosuluka, ndi patapata womanga ndi waya. Dzanja limodzi linagwira ndowa pamutu, linalo linkalendewera lotupa, lonyezimira. Khosi linali ngati la nkhuku yonyowa. Pamphumi pake panali kamtanda ka phulusa kofanana ndi kanga, kokha kuti kake kanali katayamba kutsika ndi thukuta.

"Awa ndiye zawo zinada," mnyamata mmodzi ananena chapansipansi. "Mwezi uno satha awa." Mnzake anaseka.

Apo n'kuti ine ndawazindikira kale. Ndinawazindikira ndi mayendedwe, ndisanaone nkhope. Ndipo iwo atandiona nkhope yawo inawala, pakamwa n'kutseguka kuti atchule dzina langa. Ndinaona milomo ikupanga "Fe".

Ndinawadula. Ndinagwirana manja bwinobwino, n'kupinda mawondo pang'ono monga amachitira mtsikana waulemu akakumana ndi mayi wachilendo panjira, ndipo ndinati:

"Monire, amama."

Munthu wina sakanamva cholakwa chilichonse. Ku Mzuzu mayi aliyense ndi amama, ndipo moni ndi moni. Anzanga aja anangoona mwana woleredwa bwino. Anthu awiri okha padziko lonse ndi amene ankadziwa chimene ndinanena, ine ndi iwo. Mawu awiri amenewo m'Chichewa cha m'nyumba mwathu ankatanthauza kuti: sindikukudziwani, chonde nanunso musandidziwe.

Amayi anandiyang'ana. Sizinatenge nthawi. Anayang'ana ine, nsapato zanga, anzanga, n'kubwerera kwa ine. Kenaka anatseka pakamwa paja, n'kutsegulanso.

"Yewo, amama," anatero ndi Chitumbuka chawo chopunduka chija. "Yewo chomene."

Ndipo anapatuka m'kanjiramo, n'kuima m'udzu wonyowa kuti ife ophunzira tidutse.

Anyamata aja anadutsa. Ine ndinadutsa, ndipo podutsapo ndinamva fungo la bala la m'khwapa limene ine ndemwe ndinkatsuka Loweruka lililonse. Lusungu yekha ndiye anaima. Atamva kuti mayiyu ndi wa kummwera anawafunsa m'Chichewa chimene anasenza. Amayi anatula ndowa n'kumuonetsa. Zinali nkhoko za m'mapoto akuluakulu a kukhitchini, zimene mkulu wina wophika anawalola kuti azikokota oweta nkhumba asanafike.

"Ndimaziumitsa pamoto, ndikusinja, ndiye ndimaphikira odwala phala," ndinawamva akufotokoza. "Ndili nawo asanu ndi mmodzi ogona. Akamwako kaphala, mankhwala amakhazikika."

Ine ndinali nditaima chapatali, ndikuchita ngati ndikuchotsa matope kunsapato. Mwambi uja woti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndinkaudziwa bwino. Ndinaulembapo pa mayeso a Chichewa, n'kukhoza.

Loweruka ndinapita kunyumba. Ndinakonzeka kukalipidwa, kulirira pansi, kupepesa. Ndinawapeza atakhala pakhonde akutembenuza nkhoko pa lata lakale pamwamba pa mbaula.

"Wafika, Felista? Kusukulu kuli bwanji?"

"Kuli bwino, Amayi."

"Lowa uvule zonyowazo. Muli nkhwani m'poto."

Basi. Ndinadikira masana onse, ndinadikira Lamulungu pochokera ku Misa. Sanatchule. Akanandimenya mbama, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo lero sindikanakhala ndikulemba. Koma anandisiyira ine kuti ndiyambe, ndipo ine sindinayambe.

MALICHI

Uwu ndiye unali mwezi wa maliro. Belu la kutchalitchi linkalira mpaka anthu anasiya kufunsa kuti wamwalira ndani. Chimanga chinali chitamasula, china chitayamba kukhwima, ndipo anthu anjala anayamba kuthyola m'minda ya eni. Amuna ankalondera minda ndi zikwanje, ndipo kunkamveka nkhani zoopsa za zimene akuba ogwidwa ankachitidwa. Munda wathu analowamo kawiri, mizere ya kumunsi yonse n'kuyera. ANyaGondwe anatukwana mpaka mawu kusasa. Amayi anayenda m'mizeremo, n'kutola chisononkho chimene wakubayo anakukutira pomwepo chosaphika.

"Uyu sanabe," anatero. "Uyu anadya."

Kusukulu Lusungu anali atapenga ndi "amama a ndowa". Ndilo dzina limene anawapatsa. Anapeza katoni n'kumayenda chipinda ndi chipinda m'hositelo ya atsikana, kupempha kuti aliyense azisiyako chidutswa cha buledi wa m'mawa. Iye mwini ankakapereka kuseri kwa khitchini.

"Felista, amama aja andikhudza chomene," ankatero. "Iwo akudwala, nadi akudwala, koma akusenzera anzawo. Ine nikawaona nikuchita soni na mbale yanga."

Ine ndinkaponya buledi wanga yense m'katonimo, magawo onse anayi. Lusungu anayamba kundiyamika pamaso pa anthu kuti Felista ndi wamtima wabwino. Taganizani, mwana kupereka zachifundo kwa mayi ake omubereka kudzera mwa mnzake, n'kulandirapo ulemu.

Chodabwitsa, sindinakumanenso nawo amayi pasukulupo. Ndinkaganiza kuti ndi mwayi wanga. Amene anandimasulira mwayiwo ndi aNyaGondwe, Loweruka lina tikuchokera kumunda, amayi atatsalira m'mbuyo.

"Felista, tandiuza iwe wophunzira. Anyoko asiya njira ya kugeti. Akuzungulira kudambo, kuwoloka kamtsinje kaja madzi m'mawondo, kuti akatulukire kuseri kwa khitchini. Ndipo nthawi asintha, akuti afike teni koloko, ana ali m'kalasi. Munthu wa bala m'khwapa! Nawafunsa chifukwa, akuti njira ya kugeti kuli agalu. Agalu wuli, Felista? Ine napitako, sindinaone galu."

"Kaya, amama," ndinatero. "Mwina alipo."

Sabata yomweyo ndinapita kukalapa. Ndinagwada, n'kuuza wansembe wachikulire zonse, kuyambira yunifolomu yoyera mpaka udzu wonyowa. Ndinkayembekeza kuti andipatsa mapemphero ambiri, ndipo ndinali wokonzeka kugwada mpaka mawondo atasupuka. Iye anati, "Mwana wanga, Mulungu wamva. Koma si Mulungu amene anaima m'udzu. Pita ukawauze amayi ako." Ine ndinatuluka, n'kupemphera kolona yathunthu imene sanandipemphe, kuti ilowe m'malo mwa chimene anandipempha.

Lamulungu la Kanjedza ndinakhala pambali pa amayi m'tchalitchi. Powerenga za masautso a Ambuye, anafika paja Petro akuotha moto n'kumati munthuyu sindimudziwa. Ndinkaona ngati tchalitchi chonse chatembenuka kuyang'ana ine. Ndinaba diso kuyang'ana amayi. Anali atatsinzina, kanjedza ali m'dzanja labwinolo, milomo ikuyenda. Sanandiyang'ane ngakhale pang'ono.

Ndinali ndi pulani yanga, musaganize kuti ndinalibe. Ndinkati Pasaka ikapita ndidzawatenga padzanja, tidzalowere pageti penipeni, ndidzauze Lusungu kuti awa ndi amayi anga. Koma ndinkati ayambe apezako bwino. Mkono uphwe, thupi libwerereko, ndiwapezere nsapato, avale diresi yawo ya maluwa ija. Lero ndimaona chimene ndinkachita. Ndinkafuna kuonetsa anthu amayi ena, osati amene ndinali nawo.

EPULO

Zengerezu analinda kwawukwawu. Pasaka itangopita amayi anagona, ndipo sanadzukenso. Kuchipatala anawasunga masiku anayi, n'kutipatsa mankhwala oletsa ululu, n'kutiuza mwaulemu kuti kunyumba n'kwabwino.

Njala nayo inali itayamba kumasula dzanja. Maungu anapsa, zitheba zinabwera, chimanga chachiwisi chinkawotchedwa pakona iliyonse, mbatata inayamba kuoneka pamsika. Mtengo wa ndowa unayamba kutsika, ndipo ana a aNyaGondwe anabwerako ku Nkhata Bay masaya atadzaza. Chakudya chinabwera m'Chibavi nthawi imene amayi sankathanso kumeza. Pa odwala awo asanu ndi mmodzi aja, anayi anaiona Pasaka. Mmodzi wa iwo, mayi amene mu Febuluwale sankatha kudzutsa mutu, ndiye ankabwera ndi ndodo kudzakhala pamphasa n'kumawaingitsira ntchentche.

Kusukulu katoni ya Lusungu inadzaza, buledi n'kuyamba nkhungu. Tsiku lina madzulo anakhala pabedi langa.

"Felista, amama a ndowa sabata ziwiri izi sakubwera. Akukhitchini akuti amachokera ku Chibavi, koma nyumba sakuidziwa. Iwe si kwanu kwenekuko? Sungafunseko? Mwina agona, mwe. Ine nikufuna nikawaone."

Mulungu anandipatsa khomo lachiwiri, lotsegula kale, longofuna kulowa. Ndikanangoti, "Tiye, ndikakuonetse." Ndinayang'ana buku limene linali pamiyendo panga.

"Chibavi ndi wamkulu, Lusungu," ndinatero. "Anthu odwala ndi ambiri."

Ndipo nditanena zimenezo ndinavala nsapato, n'kumuuza kuti ndikupita kulaibulale, n'kupita kukasambitsa amayi. Masiku amenewo ndinkapita masana aliwonse makalasi akatha. Kwa Lusungu ndinkati amayi akudwaladwala, BP yavuta. Anesi ajatu amadwala matenda aulemu.

Kamodzi kokha ndinayesa. Ndinali nditawakhazika pampando m'chipinda, ndikuwatsuka kumsana. Msana unali mafupa okhaokha, oti n'kuwerenga. Poti sankandiona nkhope ndinalimba mtima.

"Amayi, tsiku lija la Phulusa..."

"Thira madzi, Felista, akuzizira."

"Ndimati tsiku lija kusukulu..."

"Chimanga chija mukadule msanga, musadikire kuti chiume chonse. Mvula ya kuno siidziwa kusiya, chidzaola." Anapuma movutikira. "Ndipo ndowa ija ukawapatse aNyaGondwe. Akuidziwa njira."

Sindidziwa ngati ankandikhululukira, kapena ankangotopa, kapena sanafune kumvanso ndi makutu chimene anaona ndi maso. Chimene ndikudziwa ndi chakuti atandidula mtima wanga unakhala pansi. Ndinasangalala kuti andidula. Ndinathira madzi aja, n'kuyamba kukamba za chimanga.

MEYI

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, wansembe atawadzoza dzulo lake, chimanga chili m'mikukwe kumunda. Amayi a gulu lawo ndi amene anawasambitsa. Ine ndinalira, ndipo kulirako kunali koona. Koma ndikanena kuti ndinkangolira ndiye kuti ndanamanso. Pakati pa kulirako m'mutu mwanga munabwera basi ya sukulu.

Pasukulu pathu panali mwambo: wophunzira akaferedwa kholo, anzake amasonkha chipepeso n'kubwera kumaliro pa basi ya sukulu. Maliro akakhala kutali ankapita ochepa. Anga anali mumzinda momwemo. Ndinatumiza uthenga woti asavutike, mayeso ayandikira. Ndani anamverapo uthenga wotere ku Malawi kuno?

Anafika Lachinayi m'mawa, basi yodzaza, n'kuima pamsewu chifukwa m'tinjira tathu sikanalowa. Ndinawaona pawindo akutsika m'matope, atsikana atamanga zitenje pamwamba pa masiketi. Lusungu anali patsogolo. Ndinamuona akuyang'ana kanyumba kathu, denga la malata adzimbiri otsamiritsa ndi miyala, akufunafuna nyumba ya anesi.

Anthu anali ambiri kuposa amene ndinawaonapo pamaliro a munthu wosauka. Amayi a kuparishi anavala zofanana n'kuzungulira bokosi akuimba. Kunabwera a mipingo ina, kunabwera anthu oyenda ndi ndodo, kunabwera mkulu wophika uja atavula chipewa. Mwambo wa Misa utatha, mkulu wa mphakati wathu anaimirira n'kulengeza kuti tsopano ndi nthawi yoona nkhope, ayambe achibale, kenaka a mpingo, kenaka alendo athu a kuyunivesite.

Ndinakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, pakati pa aNyaGondwe ndi azakhali ochokera ku Thyolo. Panalibe kothawira. Mzere unkayenda pang'onopang'ono, aliyense kuwerama, kuyang'ana, n'kudutsa. Amayi anawamanga duku loyera, kolona ili m'manja. Nkhope inali yomweija, yoonda, yosasokoneza.

Anyamata awiri aja anadutsa osazindikira kanthu. Iwo sanawayang'anepo kumaso ali moyo. Kenaka anafika Lusungu. Anawerama monga anzake, n'kuyamba kudutsa, n'kuima. Anabwerera phazi limodzi. Mzere wonse unaima kumbuyo kwake, mpaka mayi wina anamukhudza paphewa kuti asunthe. Anakweza mutu n'kundiyang'ana. Ine ndinali nditafunda chitenje kumutu, koma nsalu siibisa munthu kwa amene akumudziwa.

Sanapite kukakhala ndi anzake. Anadutsa pakati pa amayi aja n'kudzakhala pamphasa pambali panga, phewa lake kukhudza langa. Kumanda anayenda nane, pothira dothi anandigwira mkono kuti ndisagwe, ndipo nthawi yonseyi ndinkadikira mawu ake monga ndinadikirira a amayi Loweruka lija.

Anayankhula pobwerera, titatsalira m'mbuyo mwa anthu, pafupi ndi munda wina umene eni ake anali atayamba kale kukolola.

"Lusungu," ndinayamba ine, "ndimafuna ndikuuze..."

"Nikudziwa," anatero. Sanakweze mawu. Maso ake anali ofiira. "Felista, ine ninawafunsapo. Tsiku lina nawathandiza kusenza ndowa, ninati, amama, muli na ana? Akuti eya, ndili naye mmodzi, wamkazi, wanzeru kwambiri, adzakhala mphunzitsi wa sekondale. Nkhope yawo mmene inawalira, iwe. Ndiye ine ninakwiya pachoko, ninati nanga ali kuti mwanayo, osakusenzerani ndowa imwe mukudwala? Anaseka. Akuti, musamunene, mwanangu, ali kusukulu."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ninati sukulu yake iti? Akuti, kutali."

Kuchokera pakhomo pathu ku Chibavi kukafika kuhositelo ndi ulendo wa ola limodzi wapansi, ndipo iwo ankauyenda ndi ndowa pamutu. Koma amayi anga sanali munthu wonama.